Mamendulo 12 a Karelin ndi 12 a Kayaalp sali ofanana

Mu 2023, mumzinda wa Zagreb ku Croatia, Rıza Kayaalp wa ku Turkey anapambana mendulo yake yagolide ya nambala 12 pa mpikisano wa ku Ulaya wa masewera ogwetsana a Greco-Roman. Anafanana ndi Aleksandr Karelin wa ku Russia, amene anakhala ngwazi ya Ulaya kuyambira 1988 mpaka 1996, kenako 1998 mpaka 2000. Onsewa ndi a gulu la amuna olemera kwambiri. Tikayang'ana manambala okha tinganene kuti ndi amodzi, koma mbiri ya gululi ikusonyeza kuti sanasewere masewera amodzimodzi.

Dzina la Greco-Roman limanamiza. Kaseweredweka kanakhwimira ku France m'zaka za m'ma 1800, ndipo lamulo lake lalikulu ndi loti usagwire mnzako m'munsi mwa chiuno kapena kumupinga ndi miyendo. Poyamba panalibe kugawa anthu potengera kulemera. Pa Olympics ya 1896 ku Athens anapambana ndi Carl Schuhmann wa ku Germany, munthu wamfupi amene ankadziwika kwambiri pa majimunasitiki. Magulu atabwera, la pamwamba linalibe malire. Pa Olympics ya 1972 ku Munich, Chris Taylor wa ku America ankaposa makilogalamu 180, komabe Wilfried Dietrich wa ku West Germany anamunyamula n'kumuponya chagada. Malire a makilogalamu 130 anaikidwa m'zaka za m'ma 1980.

Karelin, mbadwa ya ku Novosibirsk, anafika malirewo atangokhazikika. Ankanyamula mdani wake amene wagona chafufumimba, munthu wa makilogalamu pafupifupi 130, n'kumugwetsa kumbuyo. Kuponya kotereku kunkapatsa mapointi 5, ndipo m'gulu la zimphona kunali kosowa. Anatha zaka 13 osagonja pa mipikisano ya mayiko, mpaka Rulon Gardner anamuposa 1-0 mu ndime yomaliza ya Olympics ya 2000 ku Sydney. Pointi imodziyo inabwera chifukwa Karelin analekerera manja pogwirana, zomwe lamulo la nthawiyo linkalanga.

Kayaalp, wobadwira ku Yozgat mu 1989, anapeza zinthu zitasintha. Kuyambira 2002 gululi linatsitsidwa kufika pa makilogalamu 120, ndipo linabwerera pa 130 mu 2014. Choncho mamendulo ake oyambirira, kuphatikizapo ya 2010, ndi a gulu lopepukirapo. Kawerengedwe ka mapointi nakonso kanasintha ali m'kati mwa ntchito yake. Mu 2013 masewerawa anatsala pang'ono kuchotsedwa pa Olympics, ndipo akuluakulu ake anakonzanso malamulo kuti anthu oonera asamaboweke. Kayaalp anapambana pansi pa malamulo akale ndi atsopano omwe, chinthu chimene nambala 12 siyikunena.

Palinso kusiyana kwina. Pa nthawi ya Karelin, ngwazi ya Ulaya inalinso ngwazi ya dziko lonse: anatenga golide wa Olympics mu 1988, 1992 ndi 1996. Pa nthawi ya Kayaalp, mwini gululi anali kutsidya la nyanja. Mijaín López wa ku Cuba, amene sakanalowa mpikisano wa ku Ulaya, anapambana Olympics kasanu motsatizana kuyambira 2008 mpaka 2024. Kayaalp anamugonjetsa mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse mu 2011 ndi 2015, koma ku Rio mu 2016 López anamuposa pomenyera golide.

Sikuti Kayaalp ndi wochepa. Kukhala pamwamba ku Ulaya kuyambira 2010 mpaka 2023, pakati pa akatswiri a ku Russia, Georgia ndi Estonia, si zamasewera. Mu 2024 ku Bucharest, Sergey Semenov anamugonjetsa mu ndime yomaliza, umboni woti mendulo iliyonse inkalimbiridwa. Mfundo yanga ndi yakuti mpikisano wa kontinenti umayeza amene analoledwa kulowamo, pa kulemera ndi malamulo a chaka chimenecho. Tikamatsutsana za amene anaposa mnzake, tiyambe tafunsa kuti sikelo inkaimira pati, ndi kuti ndani sanalipo pabwalopo.