Pepala Linaposa Siliva

Lero tiyeni tipite ku France m'nthawi ya Mfumu Louis XV, amene analamulira kuyambira 1715 mpaka 1774. Masiku amenewo anthu olemera a ku Paris anakonda kwambiri kakongoletsedwe kamene timati rococo. Dzinali likuchokera ku mawu a Chifalansa akuti rocaille, onena za timiyala ndi zigoba za nkhono zomwe ankakongoletsera minda yamaluwa. Mizere yowongoka sankaifuna. Chilichonse chimayenera kupindika ngati mafunde kapena tsamba, ndipo kumanja kusafanane ndi kumanzere.

Katswiri wake anali Juste-Aurèle Meissonnier, wosula golide ndi siliva, wobadwira ku Turin mu 1695. Mu 1726 anamusankha kukhala wojambula wa kunyumba ya mfumu. Ankajambula papepala maonekedwe a zoikapo makandulo, mawotchi ndi timabokosi ta fodya wa m'mphuno, amisiri n'kumasula potsata chojambulacho. Kabokosi ka fodya koteroko sikanali kosungiramo fodya chabe. Munthu akakatulutsa pagulu, aliyense ankadziwa kuti uyu ndi bwana.

Koma siliva ndi ndalama. Mu 1759, nkhondo yolimbana ndi Britain itavuta, Louis XV anapempha anthu olemera kuti apereke ziwiya zawo za siliva zikasungunulidwe n'kusanduka makobidi. Zina eni ake anazisungunula okha fasho itasintha, zinanso zinapita pa kuukira kumene kunayamba mu 1789. Mwa zochepa zotsala pali mbale ziwiri zikuluzikulu za supu zomwe Meissonnier anakonzera Mngelezi wina, Duke of Kingston, cha m'ma 1735. Imodzi ili mu nyumba yosungiramo zakale ku Cleveland, m'dziko la America.

Nanga ntchito zake zina timazidziwa bwanji? Gabriel Huquier, wosindikiza wa ku Paris, anasindikiza zojambula zake, ndipo mapepalawo anafika kwa amisiri a ku London ndi ku Germany. Pepala palibe amene akanalisungunula kuti alipire asilikali, choncho linatsala.

Ine ndimauza ana a sukulu kuti umboni wa mbiri kawirikawiri si chinthu chodula, koma chimene anthu sanachiwerengere. Tsono musanayatsire moto kope lakale la agogo, yambani mwalitsegula kaye.