Kuchokera pa keyala kufika pa kafoni ka mabatani

Mwana wa mchemwali wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg ali ndi mafoni awiri. Ina inali yaikulu, ya galasi lokhalokha. Inayo inali kakang'ono ka mabatani, kachikasu, ndipo ndi kameneka kamene iye amanyadira. Anati ndi Nokia 3310 yatsopano yopangidwa mofanizira yakale, ndipo kuti achinyamata a m'matauni amaikonda chifukwa imawakumbutsa ubwana wao. Zoonadi, Nokia 3310 yoyamba inatuluka m'chaka cha 2000, ndipo mu 2017 kampani ya HMD Global inaionetsanso ku Barcelona itaivala utoto watsopano, pamodzi ndi masewera aja a kanjoka. Ine ndinaseka, pakuti agogo ake kumudzi kwathu kufupi ndi Embangweni ali ndi kafoni kotere, osati chifukwa cha fasho, koma chifukwa batire lake limakhalitsa, ndipo kotchajitsa nkutali.

Anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba, nkhaniyi yandipangitsa kuti ndilembeko pang'ono za m'mene mau ankayendera kuno ku Mzimba. Mbiri ya lamya kwathu kuno siingalongosoledwe popanda mbiri ya anthu opita ku Joni, popeza ndi iwo amene anachititsa kuti mudzi uliwonse ukhale ndi munthu woyembekeza uthenga.

Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa ankapita ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, ena kudzera ku Wenela, ena paokha, zimene ankazitcha kuti selufu. Sukulu za mishoni, monga ya ku Loudon imene Donald Fraser anakhazikitsa ku Embangweni mu 1902, zinaphunzitsa anthu ambiri kulemba, ndipo luso limeneli linagwira nchito yaikulu pa makalata. Mudzi unalibe bokosi lake ku positi ofesi. Kalata inkabwera pa keyala ya sukulu ya pulayimale, ya tchalitchi kapena ya mwini golosale, nkumadikira pamenepo mpaka wina wa kumudziko atadutsa. Ambiri a ife nchito yathu yoyamba ya ukalaliki inali imeneyi: kukhala pa mphasa, mai wa eni ake akunena m'Chitumbuka, ife tikulemba ndi bolopeni, kenaka nkuwerenga mokweza kuti amve ngati sitinasiye za chindapusa cha ng'ombe kapena za fizi. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ankadziwa zinsinsi za mabanja a mudzi wonse. Yankho linkatenga mwezi, nthawi zina miyezi itatu. Likapanda kubwera chaka ndi chaka, mwamunayo ankayamba kutchedwa mtchona.

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ulendowu unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkudzatheratu mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi. Koma anthu a ku Mzimba sanasiye kupita. Tsankho litatha ku South Africa mu 1994 njira inatseguka kwambiri, ndipo eni magalimoto oyenda pakati pa Mzimba ndi Johannesburg anasanduka positi ofesi yoyenda: ankanyamula malata, njinga, ndalama m'maenvulopu ndi makalata omangidwa ndi mphira.

Nanga lamya? Inalipo, koma inali ya boma, ya mishoni ndi ya masitolo owerengeka. Ofuna kulankhula ndi Blantyre ankabukitsa trunk call kwa opaleta nkukhala pa benchi kudikira, ndipo mzere ukapezeka ankakuwa ngati akuitana munthu kutsidya la dambo. Zofulumira zinkayenda pa telegalamu. Popeza ankalipira liu lililonse, uthenga unkakhala wouma: mai adwala, bwera. Amene munali pa boarding mukukumbukira kusiyana kwa zinthu ziwirizi. Makalata ankaitanidwa ndi prefect m'chipinda chodyera, anthu akuimba mluzu envulopu ikakhala ya buluu yochokera ku sukulu ya atsikana. Koma telegalamu siinkaitanidwa pagulu. Ankakutumira mwana wa Fomu 1 kuti ahedi akukufuna ku ofesi, ndipo miyendo inkayamba kulemera usanafike. Ine yanga inandipeza bambo anga aang'ono ataikidwa kale masiku anai, chifukwa mvula inadula msewu ndipo wonyamula uthenga anachita kukankha njinga. Amene akuti zakale zinali zokoma, apa ndiye sindigwirizana nao.

Chotsala chinali wayilesi. Kanyumba kokhala ndi wayilesi ya Nzeru kankadzaza madzulo pa nthawi ya mauthenga achisoni a pa MBC, aliyense akutchera khutu kuti amve dzina la mudzi ndi la mfumu yaikulu. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa, ngakhale kuti aphunzitsi athu a sayansi ankati nzopanda pake.

Zosintha zinabwera mothamanga. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inalowa mu 1999, ndiyo inadzakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba zinali za m'mizinda ndi za anthu a ndalama. Kenaka kunabuka mabyuro a telefoni pa Boma ndi pa Jenda, kumene munthu ankapangana ndi wa ku Joni kuti Loweruka likudzalo adzakhale pafupi ndi foni. Nsanja zitayamba kumera m'mapiri, mudzi uliwonse unadziwa chulu chake kapena mtengo wake pamene netiweki imagwira. Tinaphunzira kufulasha kuti wa marandi ndiye aimbe. Tinaona Nokia ya tochi, ndiponso timafoni totchipa tija anthu anatipatsa dzina lakuti Mose wa Lero, kutengera nyimbo ya Joseph Nkasa ya m'nthawi ya Bingu. Timeneti ndito tinachotsa nchito alembi a pa mphasa.

Ndalama zimene kale zinkabisidwa m'kolala ya jekete tsopano zimafika kudzera ku Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba, ndipo maliro a ku Mqocha amamveka ku Cape Town mtembo usanasambitsidwe. Utchona sunathe ai. Kusiyana kwake nkwakuti kale mkazi ankatha kudzitonthoza kuti mwina kalata inasokera panjira, pamene lero amaiona nambala ikuitana popanda woyankha.

Mphwanga uja asanabwerere, agogo ake anatulutsa m'sutikesi mtolo wa makalata a malemu amuna ao, a m'zaka za 1969 mpaka 1973, ena olembedwa ndi pensulo. Anamuuza kuti awawerengere, popeza maso anafooka. Mnyamatayo anavutika ndi kalembedwe kopendekera ka ana a mishoni, choncho anandipatsira ine, ndipo ndinawerenga monga ndinkachitira ndili Sitandade 6. Iye anawajambula onse, tsamba ndi tsamba, ndi foni yaikulu ija. Kachikasu kaja anawasiyira agogo, amene anakayang'ana uku ndi uku nafunsa ngati kali ndi tochi.