"Malonda akuyenda bwanji?": mbiri ya funso loyezera chuma

Pa 1 Disembala 2008, bungwe la National Bureau of Economic Research la ku America lidalengeza kuti chuma cha dzikolo chidayamba kulowa pansi mu Disembala 2007. Chaka chathunthu chidali chitapita, banki ya Lehman Brothers idali itagwa kale mu Seputembala, ndipo anthu ankhaninkhani adali atachotsedwa ntchito. Sikuti akatswiriwo adali kugona. Ziwerengero za chuma cha dziko lonse zimatenga nthawi kuzisonkhanitsa: za GDP ku America zimatuluka pafupifupi mwezi umodzi miyezi itatu yomwe akuyeza itatha, kenako amazikonzanso kangapo. Koma mkulu wa banki yaikulu wofuna kukweza kapena kutsitsa chiwongoladzanja sangadikire zonsezo. Kuchedwa kumeneku ndiko kudapatsa malo kafukufuku wofunsa amalonda, ndipo mbiri yake ikusonyeza kuti mphamvu yake yagona pa kutiuza msanga pomwe chuma chili. Omutenga ngati mlosi ndiwo amakhumudwa naye.

Ulosi udayesedwa kale, ndipo udachititsa manyazi. Kuyambira 1919, Warren Persons ndi anzake a pa Harvard ankagulitsa kwa amalonda mizere itatu yojambulidwa papepala: wa mitengo ya masheya, wa malonda, ndi wa msika wa ngongole. Ankati mzere woyamba ukakhota, wachiwiri umatsatira, wachitatu n'kumalizira. Zidawayendera zaka zingapo, koma msika utagwa mu Okutobala 1929 iwo sadaone kukula kwa mavuto omwe ankabwera, ndipo pofika 1931 ntchitoyo idatsekedwa. Chaka chomwecho, bungwe la National Association of Purchasing Agents lidayamba kufunsa mamembala ake momwe zinthu zikuyendera. Amenewa adali anthu ogulira mafakitale zitsulo, malasha ndi zipangizo zina, ndipo kusankha iwo kudali kwanzeru. Maoda akachepa, woyamba kudziwa ndi iye amene wauzidwa kuti mwezi uno aitanitse zipangizo zochepa, wowerengera ndalama asadatseke n'komwe mabuku ake. Kafukufukuyo adaima pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma ziwerengero zake zilipo kuchokera 1948 osadukiza. Mu 1982 Theodore Torda, wa ku nthambi ya boma yoona zamalonda, adaphatikiza mayankhowo kukhala nambala imodzi yomwe lero imatchedwa PMI. Bungwelo tsopano ndi Institute for Supply Management, ndipo limatulutsa nambalayo tsiku loyamba la ntchito mwezi uliwonse.

Ku Ulaya njirayi idakhwimira ku Munich. Bungwe la ifo lidakhazikitsidwa mu 1949, dziko la West Germany likumanganso mafakitale ophwasuka pa nkhondo, ndalama yatsopano ya Deutsche Mark isadathe chaka chimodzi. Akatswiri a ifo adaleka kupempha manambala. Ankangofunsa kuti: malonda anu pano ali bwino, ali pakatikati, kapena ali poipa? Nanga miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi muona zikusintha motani? Bwana wa kampani amene sangaulule phindu lake kwa munthu wakunja savutika kuchonga bokosi limodzi mwa atatu, ndipo zimamutengera mphindi zochepa. Maiko ena adatengera msanga: France mu 1951, bungwe la Bureau for Economic Research la pa Stellenbosch ku South Africa mu 1954, banki yaikulu ya Japan ndi kafukufuku wake wa Tankan mu 1957, Britain mu 1958. Lero ifo imalandira mayankho pafupifupi 9,000 mwezi uliwonse.

Masamu a PMI mwana wa sitandade 8 angawachite. Tinene kuti mwa makampani 100, okwana 30 ati zinthu zakwera, 50 ati zili chimodzimodzi, 20 ati zatsika. Mumatenga 30 aja n'kuonjezapo theka la 50, mwapeza 55. Nambala ikaposa 50 ndiye kuti okwera achuluka kuposa otsika. Ikachepera pamenepo, zinthu zikubwerera m'mbuyo. Zili ngati kuyenda m'minda mwezi wa Febuluwale kufunsa alimi ngati chimanga chaposa cha chaka chatha: matumba simudawawerenge, koma komwe nyengo yalowera mwakudziwa.

Otsutsa amati awa ndi maganizo chabe a mabwana, omwe amadandaula ngakhale zikuwayendera. Pali choonadi pang'ono, makamaka pa mafunso a zam'tsogolo, omwe amagwedezeka ndi nkhani za ndale. Koma mafunso ambiri a PMI ndi a zinthu zochitika: maoda atsopano, katundu wopangidwa, antchito, katundu wosungidwa, ndi nthawi yomwe zipangizo zikutenga kuti zifike. Komanso wodandaula mwezi ndi mwezi sasokoneza kanthu, poti chomwe akatswiri amayang'ana ndi kusintha. N'chifukwa chake ku Germany kuli lamulo la pakamwa loti nambala ya ifo ikhote katatu motsatizana asadanene kuti chuma chatembenuka.

Chitsutso cholemera ndi chakuti njirayi imawerenga kuchuluka kwa makampani, kukula kwa vuto siikuona. Kampani yomwe malonda atsika pang'ono ndi yomwe yatsekeratu zitseko zimachonga bokosi limodzi. Mliri wa Covid-19 udaulula chilema china. Mu Epulo 2020, PMI ya mafakitale a ku America idali 41.5, nambala yooneka yofatsa poyerekeza ndi momwe zinthu zidaimira. Chidaikoka m'mwamba ndi gawo la kuchedwa kwa zipangizo, lomwe lidafika pa 76. Masiku abwinobwino, zipangizo zikamachedwa ndiye kuti ogula achuluka, choncho masamuwo amakuwerengera ngati chizindikiro chabwino. Koma apa zinkachedwa chifukwa mafakitale adali otseka. Ndiyeno kuchokera Novembala 2022 nambala yomweyo idakhala pansi pa 50 kwa nthawi yoposa chaka, ambiri n'kumalosera kugwa kwa chuma, koma chuma cha America chidapitirira kukula. Apa wolakwa ndi wowerenga. Mafakitale ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma cha dzikolo, ndipo kafukufukuyo adanena zoona za gawo lakelo. Momwemonso, amene adatsegula lipoti la Epulo 2020 n'kuona maoda atsopano ali pansi pa 30 sadanamizidwe.

Komwe ziwerengero za boma zimachedwa kwambiri, funso lotchipali liyenera kukhala la mtengo wapatali. Ku Zambia kuli PMI ya mwezi ndi mwezi ya Stanbic Bank, ku Mozambique ya Standard Bank, zonse zokonzedwa ndi S&P Global. Kuno ku Malawi bungwe la amalonda la MCCCI limafunsa mamembala ake momwe malonda akuyendera, koma lipoti la pachaka silingagwire chuma chikukhota pakati pa chaka. Ndipo ngakhale titafunsa mwezi uliwonse, mafunso amapita ku makampani olembetsedwa, pomwe anthu ochuluka amadalira ulimi ndi mabizinesi ang'onoang'ono a pamsika omwe palibe amawatumizira fomu. Wooda katundu ku Limbe angakuuzeni sabata yomweyo kuti ndalama zakunja zasowa ndipo mashelefu ayamba kuyera. Za mvula ya Januwale, yomwe imalamula mtengo wa chimanga ndi ndalama zotsala m'matumba a ogula ake, adzazidziwa limodzi ndi wina aliyense.