Ana Ang'ono Osaona Bwino: Thandizo Liyambe Msanga

Makolo ambiri kuno ku Garden amayembekezera kuti mwana ayambe giredi 1, aphunzitsi ndiwo aone ngati maso ake ali bwino. Pamenepo nthawi yabwino imakhala itapita. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira, ndipo diso limene silinagwire nchito nthawi imeneyo likhoza kukhala lofooka moyo wonse, ngakhale acite opaleshoni pambuyo pake.

Khanda la miyezi itatu liyenera kutsatira nkhope ya amake ndi maso. Ngati silitero, ngati maso agwedezeka okha, kapena diso limodzi liyang'anabe kumbali pakapita miyezi 6, pitani nalo ku cipatala. Coyera pakati pa diso ndiye cosagonera: ingakhale ng'ala yobadwa nayo, imene madokotala amacotsa mwana akadali khanda, kapena khansa ya m'diso yochedwa retinoblastoma. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena zitsamba, ngakhale anena ndi ambuya.

Yambirani ku sikelo kapena ku Chipata Level One Hospital, mutanyamula kadi ya mwana, ndipo pemphani kalata yopita nayo ku cipatala ca maso ca UTH. Kulinso Lusaka Eye Hospital ya mpingo wa Adventist ku Makeni. Vitamini A wa pa Child Health Week ndi katemera wa cikuku wa miyezi 9 ndi 18 amatetezanso maso.

Ena sadzaona ngakhale atalandira thandizo lonse, ndipo sukulu yao yoyamba ndi pakhomo. Muitaneni dzina musanamunyamule. Mulekeni agwire kapu, sopo, nsapato, mukumuuza maina ake. Musasinthesinthe malo a mipando. Mbaula ikhale kutali, ndipo muyende naye kangapo njira ya ku cimbudzi ndi m'mbali mwa ngalande, makamaka nthawi ya mvula. Kumutsekera m'nyumba poopa ngozi kapena manyazi kumamucedwetsa kuyenda ndi kulankhula.

Mulembetseni ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe logwira nchito pansi pa lamulo la anthu olumala la 2012. Aphunzitsi a ana otere amaphunzira ku ZAMISE kuno ku Lusaka. Sukulu yoyamba ya osaona m'dziko muno inatsegulidwa ndi amishoni a Dutch Reformed ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905. Ku Sande sukulu, mwana wotere akhale kutsogolo ndipo apatsidwe zinthu zogwira ndi manja.