Funde la ku Lagundri: Phindu Lake Amadya Ndani?

Mbiri ya zilumba zazing'ono kawirikawiri imayamba ndi alendo odzera pa nyanja. M'nkhani ino ndifuna kuunika alendo a mtundu wina, amene sanadze ndi mfuti kapena Baibulo koma ndi thabwa loimirirapo pokwera mafunde, masewera amene Azungu amawatcha surfing. Funso langa ndi limodzi: mlendo akadzera funde, phindu limatsala m'manja mwa yani?

Chilumba cha Nias chili m'dziko la Indonesia, makilomita pafupifupi 125 kumadzulo kwa Sumatra. Eni ake anawaona kale alendo. Amalonda a ku Aceh ankagulako akapolo kwa zaka zambiri, kenaka Adatchi anadzalamulira, ndipo m'chaka cha 1865 kunafika amishoni a Chijeremani. Onsewa chimene ankafuna chinali kumtunda.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 1975 pamene anyamata atatu a ku Australia, Kevin Lovett, John Giesel ndi Peter Troy, anafika pa gombe la Lagundri kum'mwera kwa chilumbacho. Anapeza funde lalitali lopindika bwino, losweka pamwamba pa miyala ya korali. Kwa asodzi a pamenepo funde lotere linali chopinga choti bwato lizichilambalala. Kwa anyamatawa chinali chuma. Paja amati kanthu n'khama, koma chinsinsi sichigona: zithunzi zitatuluka m'magazini ndi m'mafilimu, alendo anayamba kukhamukirako.

Apa m'pamene ndikuona kuti Nias anachita mwayi. Popeza funde lili pafupi ndi mtunda, mlendo anayenera kugona m'mudzi. Tsono mabanja a pa gombe la Sorake anamanga tinyumba ta alendo totchedwa losmen, amayi naphika mpunga ndi nsomba, anyamata nanyamula matabwa ndi kuphunzira kuwakonza akathyoka. Ndalama inalowa m'thumba la mwini dera.

Komabe walira mvula walira matope. Pofuna kumanga msanga, anthu anatapa mchenga ndi korali pa gombe lomwe linkaitana alendolo. Ana ena anaona kuti kugulitsa zinthu kwa mlendo kukupindula msanga kuposa kukhala m'kalasi. Amene anali ndi malo m'mbali mwa nyanja anatukuka, pamene achibale awo a m'midzi ya kumapiri anatsalira. Chuma chodalira alendo n'chosakhazikikanso: chivomezi cha pa 28 March 2005 chinapha anthu mazanamazana pa Nias ndi kugwetsa nyumba zosawerengeka. Chodabwitsa n'chakuti chivomezi chomwecho chinakweza miyala ya pansi pa Lagundri, ndipo okwera mafunde anati funde lakoma kuposa kale. Tsoka la mwini mudzi linasanduka chikondwerero cha mlendo.

Tiyeni tifanizire ndi zilumba za Mentawai, kum'mwera kwa Nias m'nyanja yomweyo. Kumeneko malonda amenewa anakula m'zaka za m'ma 1990, koma mwa njira ina. Alendo ankakwera mabwato a injini ku Padang, doko la pa Sumatra, nagona momwemo, nadya momwemo, nabwerera osagula ngakhale nthochi m'mudzi. Eni zilumba ankangoonerera ali pa mchenga. Mpaka m'chaka cha 2016 ndi pamene boma la zilumbazo linayamba kulipitsa msonkho mlendo aliyense wokwera mafunde.

Kusiyana kwa malo awiriwa sikuli pa ubwino wa funde kapena pa mtima wa mlendo. Kuli pa funso lakuti mlendo agona pati, nanga mwini denga kapena bwato ndani. Funde silingapakidwe m'sitima monga ankachitira ndi akapolo, koma phindu lake likhoza kuwolotsedwa nyanja mosavuta, popanda ndi mmodzi yemwe kuona kuti waberedwa.

Anzanga ophunzira mbiri, tinazolowera kufufuza kuti ndani analanda dziko. Nkhani ya Nias ndi Mentawai ikutiuza kuti tizifufuzanso amene amalandira malipiro, ngakhale pamene dziko lili m'manja mwa eni ake.