Malipiro a mimba imodzi: mbiri ya ntchito ku Nairobi

Amene munafikako ku Nairobi munaona anthu a ku Kibera akulawirira wapansi kupita ku Industrial Area kukasaka ganyu, yemwe kumeneko amati kibarua. Umphawi umenewu si ulesi ayi, uli ndi mbiri yake.

Mzindawu unayamba mu 1899 ngati msasa wa njanji. Atsamunda ankafuna manja a munthu wakuda, osati banja lake. Kuyambira mu 1920 amuna ankavala m'khosi kipande, kachitini kosungira chikalata cha zidindo za zala ndi mbiri ya ntchito. Bwana akakana kusainira, munthu sakanachoka kukafuna malipiro abwinoko. Malipirowo ankawerengera mimba imodzi. Mkazi ndi ana ankati azidzilimira kumudzi, monga zinalili ndi azigogo athu a Wenela.

Mu Meyi 1950 antchito ananyanyala, boma litamanga atsogoleri awo, Makhan Singh ndi Fred Kubai. Lipoti la Carpenter la 1954 linavomereza kuti malipiro azikwanira banja. Koma ufulu utabwera mu 1963, anthu anakhamukira mumzinda ndipo ntchito zolembedwa sizinakwane. Mu 1972 bungwe la ILO linapeza kuti osauka ambiri ankagwira ntchito ndithu, kungoti zopeza zinali zochepa.

Waganyu alibe kalata, tchuthi kapena penshoni. Akadwala tsiku limodzi, pamoto sipakhala poto. Choncho tikamatumiza ndalama ku Ndirande kapena Mtandire, tisamangofunsa ngati m'bale wathu ali pantchito. Tizifunsa ngati ntchitoyo ikudyetsa banja.