Utsi wotuluka m'nthaka ya Nicodemus

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, nyimbo zapanjazo sizithawa. Mwachokera ku Denver, ku Wichita, ena ku California, koma mchombo wa banja lathu unakwiriridwa pompano pa Nicodemus, m'boma la Graham ku Kansas.

Agogo anga aakazi anafika kuno mu 1878 ali kamtsikana, pamodzi ndi anthu akuda a ku Kentucky amene ukapolo unali utangowachoka m'khosi. Gulu lalikulu loyamba, anthu pafupifupi 300, linatsogola mu September 1877. Anawakopa ndi W. R. Hill, mzungu wogulitsa malo, ndi m'busa W. H. Smith. Lamulo la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akakhala pamalopo ndi kulima zaka zisanu. Tangoganizani, munthu wobadwa ali katundu wa mnzake, lero auzidwe kuti munda ukhala wakewake! Ndani akanakana?

Sitima inawasiya ku Ellis. Mtunda wotsalawo, makilomita oposa 50, anauyenda pangolo, ena wapansi. Atafika, maso anasakasaka nyumba, koma kunali udzu wokhawokha mpaka kumene thambo limathera, ndi utsi ukufuka kuchokera pansi. Anthu ankakhala m'maenje okumbidwa m'mbali mwa zitunda, pakuti mitengo yomangira kunalibe. Mayi Willianna Hickman, mkazi wa m'busa wina, ataona zimenezi anagwetsa misozi. Ena anabwerera kwawo osamasula n'komwe akatundu.

Agogo ankandiuza za dzenje lawolo ngati akuliona. Denga linali la zibuma zodulidwa ndi udzu wake womwe. Mvula ikagwa, matope ankadonthera pamphasa. Dzuwa likawala, dothi linkathothokera m'mbale, nthawi zina njoka n'kugwa nalo limodzi. Nkhuni zawo zinali ndowe zouma ndi mapesi a mpendadzuwa, ndipo kutola zimenezo inali ntchito ya ana. Amene anagona kuno chisanu choyamba anafika mochedwa, nthawi yobzala itapita. Akuluakulu ankati anthu a mtundu wa Osage, pochokera kosaka, anawagawira nyama, ndiye anapulumuka.

Komabe m'dzenje lina mayi Jenny Fletcher ankaphunzitsa ana kuwerenga. Ine mpaka lero ndimati mudzi uno unayambira pamenepo.

Zaka khumi zisanathe kunali masitolo, matchalitchi, hotela ya St. Francis, banki ndi nyuzipepala ziwiri. Edward McCabe, amene anakhalapo kuno, anasankhidwa mu 1882 kukhala woyang'anira mabuku a chuma cha Kansas yonse.

Chimene chinatithyola msana ndi njanji. Mu 1888 a Union Pacific anaidutsitsa kutsidya kwa mtsinje wa Solomon, n'kumera tauni ya Bogue. Amalonda anasamukira komweko, ena ananyamula ndi nyumba zomwe. Kenaka m'ma 1930 kunabwera chilala ndi mphepo yafumbi yodetsa usana. Achinyamata anayamba kupita kumizinda kukafuna ntchito, monga anachitira makolo anu.

Kalembera wa 2020 anapeza anthu 14 okha. Boma linaika mudzi uno m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko mu 1996, koma amene amaudzutsa ndinu, mukamabwera kumapeto kwa July chaka ndi chaka kudzakumbukira ufulu wathu.

Mawa mulawirire. Tikadutsa pa holo yamiyala ya m'mudzi muno yomangidwa mu 1939, kenaka ndikakuonetseni chitunda chimene agogo anga anagonamo.